Zosinthira magiya m'galimoto zaliwiro: pa chiwongolero, pa tsinde lake, kapena pa ndodo?

Mbewe wa ku Zomba analemba:

Akuluakulu nonse, ndili ndi mafunso omwe ndikupempha kuti amene mumazidziwa bwino galimoto mundithandize. Galimoto zambiri zaliwiro za masiku ano zilibe kalachi yoponda ndi phazi, ndipo magiya amasinthidwa ndi tizitsulo tiwiri tokhala kuseri kwa chiwongolero, tomwe ambiri amatitcha ma paddle: ya kumanja imakweza giya, ya kumanzere imatsitsa. Pamenepa opanga galimoto akuoneka kuti akugwirizana. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti pa Golf GTI, pa BMW M3 ndi pa Porsche 911 ma paddle amamangidwa pa chiwongolero chenichenicho ndipo amazungulira nacho limodzi, pomwe pa Ferrari, pa Lamborghini ndi pa Alfa Romeo Giulia Quadrifoglio amamangidwa pa tsinde la chiwongolero moti sasuntha ngakhale dalaivala apotoze chotani. Makampani onsewa ali ndi akatswiri komanso mbiri yaitali ya mipikisano, ndiye zikutheka bwanji kuti pa nkhani yooneka yaing'ono chonchi aliyense alowere kwake?

Funso lina likukhudza ndodo ya magiya pa galimoto za automatic zomwe zimalola dalaivala kusankha yekha giya. Pa Volkswagen ndi Audi, kukankhira ndodo kutsogolo kumakweza giya, koma pa BMW ndi Mazda kukankhira kutsogolo kumatsitsa, moti munthu wozolowera galimoto imodzi akalowa mu inzakeyo angathe kutsitsa giya pomwe amafuna kukweza. Kodi pali njira yolondola, kapena ndi chizolowezi chabe? Ndipo ngati ma paddle ndi achangu monga momwe ambiri amanenera, n'chifukwa chiyani Porsche ndi Toyota akugulitsabe galimoto zaliwiro za manual, anthu n'kumazilimbirana?

Jere wa ku Johannesburg anayankha:

A Mbewe, kuti funso lanu loyamba limveke tiyenera kuyambira komwe ma paddle anachokera. Mu 1989 timu ya Ferrari ya mpikisano wa Formula One inatulutsa galimoto yotchedwa 640, yomwe anaikonza ndi katswiri wa ku England, John Barnard. Cholinga chachikulu cha Barnard chinali kuchotsa chitsulo chachitali cholumikiza ndodo ya magiya ndi giyabokosi kumbuyo, chifukwa chitsulocho chinkadutsa m'mbali mwa dalaivala n'kumachititsa kuti thupi la galimoto likhale lotambalala, pomwe iye ankafuna galimoto yopyapyala yoboola mphepo mosavuta. M'malo mwake anaika mavavu olamulidwa ndi magetsi, otsegulira mafuta opanikizidwa kuti azikankha magiya ndi kalachi, ndipo dalaivala anangotsala ndi ntchito yokoka kachitsulo ndi chala. Galimotoyo inkawonongeka pafupipafupi poiyesa moti ochepa okha ndi amene ankayembekezera kuti imaliza mpikisano, komabe Nigel Mansell anapambana nayo pa mpikisano woyamba womwe galimotoyo inathamanga, ku Rio de Janeiro m'mwezi wa Marichi chaka chomwecho, ngakhale kuti ali mkati mwa mpikisano anamusinthira chiwongolero pamodzi ndi matayala. Pasanathe zaka 10 matimu onse anali atatsanzira.

Pa galimoto ya mtundu umenewo panalibe chokambirana. Ma paddle anaikidwa pa chiwongolero chifukwa chiwongolero cha Formula One chimapotoka pang'ono kwambiri, ndipo manja a dalaivala sachokapo mpikisano wonse. Nkhani inavuta pamene Ferrari inatengera njirayi ku galimoto ya pamsewu, F355 F1, mu 1997. Chiwongolero cha galimoto ya pamsewu chimazungulira kawiri kapena katatu kuchokera kumapeto ena kukafika kumapeto enawo, ndipo munthu akamakhota pa raundabauti kapena pa kona yopinda kwambiri ya m'phiri, chimatembenuka chadodolido, manja n'kumalandirana. Pa nthawi imeneyo paddle yomangidwa pa chiwongolero yomwe inali kumanja imapezeka kumanzere, ndipo dalaivala ayenera kuyamba waganiza kapena kuyang'ana asanakoke. Ferrari inaika ma paddle pa tsinde kuti yokweza giya izipezeka kumanja nthawi zonse, ndipo mpaka lero sinasinthe maganizo.

Komatu njira imeneyi ili ndi zovuta zake. Popeza ma paddle sayenda ndi manja, ayenera kukhala aatali kuti zala ziziwafikirabe chiwongolero chitapotoka ndithu, ndipo akatalika chonchi amalanda malo a timitengo ta ma indiketa ndi mawaipa. N'chifukwa chake pa 458 Italia ya mu 2009 Ferrari inachotseratu timitengoto n'kuika mabatani a ma indiketa, mawaipa ndi nyale pankhope ya chiwongolero, zomwe Lamborghini inachitanso pa Huracán. Alfa Romeo inasunga timitengoto pa Giulia, koma tili kuseri kwa ma paddle akuluakulu a aluminiyamu, moti zala ziyenera kuzungulira kuti zikafikire indiketa, ndipo ambiri oiyendetsa amadandaula zimenezi.

A Porsche, BMW ndi McLaren amaona nkhaniyi kuchokera ku bwalo la mpikisano. Kumeneko dalaivala wophunzitsidwa bwino amagwira chiwongolero dzanja lina pa 9 koloko lina pa 3 koloko, ndipo pa makona ambiri salichotsa. Choyeneranso kukumbukira n'chakuti giya imatsitsidwa munthu asanalowe m'kona, galimoto ikadali yolunjika, ndipo pamenepo njira ziwirizi sizisiyana konse. Kusiyana kumaonekera potuluka m'kona, pamene injini yafika pachimake chiwongolero chikadali chopotoka: ngati paddle ili pa chiwongolero ndiye kuti ili kale pansi pa chala, koma ngati ili pa tsinde dzanja likhoza kukhala litaipitirira. Nissan inayesa njira zonse ziwiri pa GT-R: kuyambira mu 2007 ma paddle anali pa tsinde, koma pa galimoto ya mu 2017 anawasamutsira pa chiwongolero kuti dalaivala azisintha giya ali mkati mwa kona osasuntha manja. McLaren pa MP4-12C ya mu 2011 inapanga ma paddle onse awiri kukhala chitsulo chimodzi chopendekeka pakati, moti kukoka mbali imodzi n'chimodzimodzi kukankha mbali inayo, ndipo dzanja limodzi lokha likhoza kukweza ndi kutsitsa.

Ine maganizo anga ndi akuti yankho likudalira msewu. Pa bwalo ngati la Kyalami kuno ma paddle a pa chiwongolero ndi abwino, koma pa msewu wamba, komwe kuli ma raundabauti, mphambano ndi makona opinda ngati a msewu wokwera phiri la kwanu ku Zomba, ndimaona kuti njira ya Ferrari ndi yanzeru, chifukwa chinthu chomwe sichisuntha dzanja limachipeza lokha.

NaPhiri wa ku Leeds anayankha:

Bambo Mbewe, pa funso la ndodo ine ndikunena mosazengereza kuti njira yolondola ilipo, ndipo ndi ya BMW ndi Mazda. Chifukwa chake chili m'thupi la dalaivala. Munthu amatsitsa giya pamene akuponda buleki, ndipo pa nthawi imeneyo thupi lonse limakankhidwira kutsogolo, choncho dzanja nalo limapita kutsogolo mosavuta. Amakweza giya pamene akuponda moto, thupi litapanikizidwira kumpando, ndipo kukokera ndodo kumbuyo ndiko kumagwirizana ndi mphamvu imeneyo. Ndodo zokweza ndi kutsitsa giya motsatana za m'galimoto za mpikisano zimayenda chonchi, kukoka kukweza, kukankha kutsitsa. Njira inayo inachokera ku maganizo akuti kutsogolo ndiko kuwonjezera, ndipo imaoneka yomveka munthu akaiyang'ana galimoto itaima m'shopu, koma imatsutsana ndi thupi galimoto ikamathamanga. Mercedes-Benz kwa zaka zambiri inazemba mkanganowu poyendetsa ndodo cham'mbali, kumanzere kutsitsa, kumanja kukweza.

Umboni wabwino wa zimenezi ndi mbiri ya Porsche. Mu 1990 kampaniyi inabweretsa Tiptronic pa 911, giyabokosi ya automatic yokhala ndi ndodo yokankhira kutsogolo pokweza giya, ndipo patapita zaka zochepa inawonjezera mabatani pa chiwongolero. Giyabokosi ya makalachi awiri yotchedwa PDK anali atayamba kale kuiyesa m'galimoto za mpikisano za 956 ndi 962 m'zaka za m'ma 1980, ndipo 962 yokhala ndi PDK inapambana ku Monza mu 1986, koma pa 911 ya pamsewu inafika mu 2008. Giyabokosiyo anthu anaiyamikira, koma zoilamulira anazidzudzula kwambiri. M'malo mwa ma paddle Porsche inaika mabatani awiri pa chiwongolero, lililonse logwira ntchito zonse ziwiri: kulikankha ndi chala chachikulu kuchokera kutsogolo kunkakweza giya, kulikoka kuchokera kuseri kunkatsitsa. Zotsatira zake zinali zakuti munthu akamaponda buleki mwamphamvu, dzanja litatsamira pa chiwongolero, ankatha kukweza giya mwangozi pa nthawi yomwe ankafunika kutsitsa. Pasanathe zaka ziwiri Porsche inayamba kugulitsa chiwongolero cha ma paddle enieni. Ndodo nayo inatembenuzidwa, poyamba pa 911 GT3 ya mu 2013 ndipo kenako pa 911 Carrera mu 2015, kuti kukoka kuzikweza giya. Kampani yodzidalira ngati imeneyi sisintha chinthu chomwe makasitomala ake anachizolowera kwa zaka zoposa 20 popanda chifukwa chomveka. Toyota nayo inatsata njira yomweyi pa GR Yaris ya automatic ya mu 2024, ngakhale kuti pa galimoto zake zambiri za masiku onse kukankhira kutsogolo ndiko kumakweza.

Pa 911 ya m'badwo wa 992, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2019, ndodoyo inasanduka kabatani kakang'ono komwe olemba za galimoto ankakayerekeza ndi makina ometera ndevu, ndipo sikasintha giya imodziimodzi: ntchito yonseyo inapita ku ma paddle. Koma pa GT3 ya m'badwo womwewo anasunga ndodo yeniyeni, zomwe zikusonyeza kuti ogula galimoto yamtundu umenewo akufunabe chogwira ndi dzanja lonse.

A Jere, mfundo yanu ya tsinde ili ndi mboni ina yomwe simunaitchule, yomwe ndi mpikisano wa rally. Madalaivala a World Rally Championship amapotoza chiwongolero kwambiri pa fumbi, pa matope ndi pa chipale chofewa, ndipo m'zaka zomwe malamulo ankalola paddle, ankagwiritsa ntchito imodzi yaikulu yosazungulira ndi chiwongolero, yokoka pokweza ndi kukankha potsitsa. Malamulo anailetsa mu 2011, anaibwezera mu 2015, ndipo kuyambira mu 2022 galimoto za gulu lapamwamba la mpikisanowu, lotchedwa Rally1, zinabwereranso ku ndodo ya magiya 5 pofuna kuchepetsa mtengo. Komabe sindikugwirizana nanu pa galimoto zaliwiro za lero. Ziwongolero zake n'zachangu kwambiri kuposa za mu 1997: cha 458 Italia chimazungulira pafupifupi kawiri kokha kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, ndipo cha Giulia nacho n'chachangu chimodzimodzi, moti manja safunika kulandirana kupatula poimika galimoto kapena potembenuka pamalo opanikiza. Chodabwitsa n'chakuti makampani omwe ali ndi ziwongolero zachangu kwambiri, zomwe zikanagwirizana bwino ndi ma paddle oyenda ndi manja, ndi omwewo akukakamira tsinde. Ine ndimaona kuti pano chatsala ndi mwambo wa kampani kuposa kufunika kwenikweni.

Banda wa ku Ndirande anayankha:

Achimwene a Mbewe, ine ntchito yanga ndi ya umakaniko, ndipo ndiyankha funso lanu lomaliza, la manual. Pa changu palibe mpikisano. Ferrari 430 Scuderia ya mu 2007, yomwe inali ndi kalachi imodzi yoyendetsedwa ndi makina, inkasintha giya m'masekondi 0.06, ndipo giyabokosi ya makalachi awiri, yomwe inafika koyamba pamsika pa Golf R32 mu 2003, imachita zoposa pamenepo chifukwa kalachi imodzi imagwira magiya 1, 3 ndi 5, inayo 2, 4 ndi 6, ndipo giya yotsatira imakhala italowa kale ikungodikira kuti kalachi yake igwire. Palibe dzanja ndi phazi la munthu zomwe zingafike pamenepo. Amene amagula manual lero akudziwa bwino kuti akugula galimoto yochedwerapo.

Komabe amaigula. Porsche inatulutsa GT3 ya mu 2013 ya PDK yokha, ponena kuti ndiyo yachangu pa bwalo, ndipo makasitomala ambiri anakwiya. Mu 2016 inapanga 911 R ya manual ya magiya 6, galimoto 991 zokha, ndipo zinatha nthawi yomweyo n'kuyamba kugulitsidwanso pa mitengo yokwera kwambiri kuposa ya kufakitale. Mu 2017 manual inabwerera pa GT3. Toyota inatulutsa GR Supra mu 2019 ya automatic yokha, koma mu 2022 inawonjezera manual. Gordon Murray T.50 inapangidwa ndi ndodo ya magiya 6, Pagani Utopia ili ndi manual ya magiya 7, ndipo Koenigsegg pa CC850 inafika popanga giyabokosi ya automatic ya magiya 9 yomwe imathanso kuyendetsedwa ndi ndodo ndi kalachi ya phazi ngati manual ya magiya 6. Ferrari ndi Lamborghini anasiya: 458 Italia inalibe manual ngakhale yochita kuitanitsa, ndipo Gallardo, yomwe inasiya kupangidwa mu 2013, ndiyo Lamborghini yomaliza yokhala ndi kalachi ya phazi. Chevrolet Corvette nayo inasiya pa galimoto ya mu 2020.

Chomwe anthuwa akulipira ndi momwe ndodoyo imamvekera m'dzanja, ndipo pamenepa pali umisiri weniweni. Pa Mazda MX-5 ndi Honda S2000 injini ili kutsogolo ndipo giyabokosi ili pansi penipeni pa dzanja la dalaivala, choncho ndodo imalowa mwachindunji m'giyabokosi, kuyenda kwake n'kwakufupi ndipo munthu amamva giya ikulumana. Pa galimoto ya injini yapakati kapena yakumbuyo ndodo imalumikizidwa ndi mawaya kapena zitsulo zazitali, ndipo timabushi take tikatha ndodo imayamba kugwedera n'kumasocheretsa dzanja. Ferrari inkathandiza dalaivala poika mbale yachitsulo yodulidwa mipata yooneka, mpata uliwonse giya yake, ndipo Audi R8 yoyamba inatsanzira zimenezi. Ngakhale mutu wa ndodo umaganiziridwa: wa Civic Type R ndi wa aluminiyamu, pomwe wa Porsche Carrera GT unali wa mtengo pokumbukira galimoto ya mpikisano ya 917, yomwe inali ndi mutu wa mtengo wopepuka.

Kaikidwe ka magiya nako sikofanana ponseponse. Pa Ferrari Testarossa, Mercedes-Benz 190E 2.3-16 ndi BMW M3 E30 ya ku Ulaya, giya 1 ili kumanzere chakumbuyo payokha, kuti 2 ndi 3 zikhale mumzere umodzi ndipo 4 ndi 5 mumzere wina. Nzeru yake ndi yakuti pa bwalo giya 1 imagwira ntchito ponyamuka pokha, pomwe kusintha pakati pa 2 ndi 3 kumachitika pafupifupi pa kona iliyonse, ndiye ndi bwino kuti kukhale kongokankha kapena kukoka molunjika. Ife oyendetsa galimoto za chiwongolero cha kumanja tili ndi nkhani inanso: opanga satembenuza kaikidweka, moti giya 1 imakhalabe kumanzere, kutali ndi dalaivala, ndipo timasintha ndi dzanja lamanzere. Opanga Ford GT40 ndi Porsche 917 anakhazika dalaivala kumanja koma ndodo anaiika kumanja kwakenso, m'mbali mwa chitseko, kuti dzanja lamanja ndilo lizigwira ntchitoyo.

Pali ngozi imodzi ya manual yomwe ma paddle anaithetseratu, ndipo ife amakaniko ndi amene timaona zotsatira zake. Munthu akuthamanga mu giya 5, akufuna kutsikira mu 4, koma dzanja lapitirira n'kulowetsa 2. Giya 2 imazunguza injini mowirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi 5, choncho injini yomwe inali pa 5,000 imakakamizidwa kupitirira 10,000 kalachi ikangogwira. Chotchingira chomwe chimadula mafuta injini ikazungulira mopitirira muyezo sichingathandize, chifukwa pamenepa si mafuta amene akuzunguza injini koma matayala. Mavavu amalephera kutsekeka msanga, amakumana ndi mapisitoni n'kupindika, ndipo injini imafunika kuphwasulidwa. Chomwe chimateteza dalaivala ndi sipuling'i yomwe imabwezera ndodo pamzere wa 3 ndi 4 ikakhala mu nyutulo, choncho woyendetsa wodziwa salimbana nayo ndodo koma amaiongolera ndi chikhatho n'kuilola ipeze mzere wake. Pa galimoto ya ma paddle kompyuta imangokana kutsitsa giya ngati injini ingapitirire malire.

Luso lina lomwe linkasiyanitsa madalaivala, loponda buleki ndi zala za kuphazi kwinaku chidendene chikugunda moto kuti injini ikwere kufanana ndi giya yotsika, nalo makina analitenga. Nissan 370Z ndiyo inayamba kumachita zimenezi yokha pa manual, ndipo lero Toyota, Honda ndi Porsche onse ali nazo. Corvette ya mu 2014 ya manual ya magiya 7 inali ndi ma paddle kuseri kwa chiwongolero, koma ntchito yake inali kuyatsa ndi kuzimitsa luso limeneli basi, osati kusintha giya.

Mbewe wa ku Zomba analembanso:

Zikomo kwambiri a Jere, mayi NaPhiri ndi a Banda. Patsala chinthu chimodzi chomwe chikundikhudza kwambiri kuposa Ferrari. Galimoto zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zomwe timaitanitsa kuchokera ku Japan, monga mitundu ina ya Honda Fit, zimabwera ndi ma paddle kuseri kwa chiwongolero. Kodi amenewa ndi ofanana ndi a galimoto zaliwiro zomwe mwafotokozazi, kapena anangoikidwa kuti galimoto ioneke yapamwamba? Ndipo kodi kuwagwiritsa ntchito kawirikawiri kungawononge giyabokosi?

Tembo wa ku Chipata anayankha:

A Mbewe, paddle ndi swichi yamagetsi chabe. Imatumiza pempho ku kompyuta ya giyabokosi, ndipo chomwe chimachitika pambuyo pake chimadalira mtundu wa giyabokosi yomwe ili pansipo, choncho ma paddle ofanana maonekedwe angathe kulamulira makina osiyana kotheratu. Pa F355 F1 ndi BMW M3 E46 ya SMG pansipo panali giyabokosi ya manual ya kalachi imodzi yokankhidwa ndi makina, ndipo n'chifukwa chake galimoto zimenezo zimagwedeza mutu wa dalaivala posintha giya, makamaka zikamayenda pang'onopang'ono m'tauni. Pa Golf GTI ya DSG, GT-R ndi 911 ya PDK pali makalachi awiri monga a Banda afotokozera. Kaphokoso kophulika komwe GTI imatulutsa pokweza giya, komwe achinyamata a ku South Africa amakakonda kwambiri, kamabwera chifukwa kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini kwa kanthawi kochepa kuti kalachi inayo igwire bwino. Pa Giulia Quadrifoglio, GR Supra ndi BMW M3 ya lero pali automatic ya masiku onse ya magiya 8 yopangidwa ndi kampani ya ZF, yomwe yafika pa changu chokwanira moti BMW inasiya makalachi awiri pa galimoto zake zaliwiro za M.

Honda Fit yomwe mukunenayo nthawi zambiri imakhala ndi CVT, yomwe ilibe magiya enieni. Mkati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri omwe amatha kufutukuka ndi kupanikizana, moti mphamvu ya injini imafika ku matayala pa mlingo uliwonse pakati pa wotsikitsitsa ndi wokweretsetsa. Magiya 7 omwe amaoneka pa dashibodi ndi malo 7 omwe akatswiri anasankha n'kuwalemba m'kompyuta, ndipo mukakoka paddle mapulewo amangosunthira pamalo otsatira n'kuima. Izi siziwonjezera liwiro, chifukwa CVT ikasiyidwa yokha imatha kusunga injini pamalo omwe ili ndi mphamvu zambiri popanda kudumphadumpha. Si Honda yokha yomwe imachita zoyerekezera zotere: Hyundai Ioniq 5 N ndi galimoto yamagetsi yopanda magiya osintha, koma inapatsidwa magiya 8 ongoyerekezera olamulidwa ndi ma paddle, pamodzi ndi kugwedeza kwake, kuti dalaivala azimva liwiro lake polowa m'kona popanda kuyang'ana pa dashibodi.

Komabe ma paddle a Fit sanangoikidwa kuti akongoletse. Ntchito yawo yeniyeni kwa ife ili pa mtsetse. Munthu akamatsika msewu wa Golomoti kuchokera ku Dedza, kapena Chiweta ku Rumphi, kapena kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, galimoto ya automatic yosiyidwa mu D imasankha giya yapamwamba kuti isunge mafuta, ndipo ntchito yonse yoigwira imatsalira mabuleki, omwe akatentha kwambiri amayamba kufooka. Kukoka paddle ya kumanzere kawiri kapena katatu kumakweza kuzungulira kwa injini, injiniyo n'kumagwira galimoto, ndipo phazi limangothandizira mwa apo ndi apo. Paddle yomweyo imathandizanso pokonzekera kupitirira lole: mumatsitsa giya musanatuluke mumzere, kuti mphamvu ikhalepo kale pamene mukuponda moto.

Za kuwononga musade nkhawa, chifukwa kompyuta sivomera pempho lomwe lingapititse injini kupyola malire ake. Imangolinyalanyaza, ndipo pa galimoto zina imalira kabelu kapena nambala ya giya imaphethira. Chomwe chimapha CVT kawirikawiri ndi mafuta okalamba kapena olakwika, makamaka pamene athiramo mafuta a automatic wamba m'malo mwa omwe wopanga analamula, komanso kukoka katundu wolemera mopitirira. Chofunika kudziwa n'chakuti mu D paddle imagwira kwa kanthawi kochepa, kenako kompyuta imabwezera galimoto ku automatic ikaona kuti mukuyenda mokhazikika, ndipo zimenezi zikhoza kuchitika muli pakati pa mtsetse. Pa Fit, ikani ndodo pa S musanayambe kutsika ndipo kenako kokani paddle, pamenepo giya yomwe mwasankha idzakhalabe mpaka mutaisintha nokha, liwiro litatsika kwambiri, kapena injini itayandikira malire ake.